Mwala Woyera wa ku Cala Goloritzé

Dziko la Zambia lilibe nyanja yamcere. Lili ndi Kariba, Bangweulu, Mweru ndi Tanganyika, koma madzi ake alibe mcere. Mukatenga mapu a Africa ndi kuyendetsa cala kupita kumpoto, mudzadutsa Congo, mudzadutsa cipululu ca Sahara, kenako mudzafika pa nyanja yaikulu ya Mediterranean. Nyanja imeneyi ili pakati pa Africa, Ulaya ndi Asia. Mtsinje wa Nile umathira madzi ake m'menemo. M'nyanjamo muli zisumbu zambiri. Cacikulu koposa ndi Sicily, ndipo cotsatira ndi Sardinia. Zonse ziwiri ndi mbali ya dziko la Italy.

Kum'mawa kwa Sardinia kuli mudzi wa paphiri wochedwa Baunei. Kumbali imeneyi mapiri amafika mpaka m'madzi. Msewu wa m'mbali mwa nyanja kulibe. Kuli cabe matanthwe aatali oima ngati cipupa. Koma apa ndi apo thanthwe limabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo nyanja imalowa m'kati ndi kupanga kagombe kobisika. Malo otere anthu a kumeneko amawacha cala. Liwuli limalembedwa ngati cala ca ku dzanja, koma iwo amalichula kuti "kala".

Kagombe kamodzi kotere dzina lake ndi Cala Goloritzé. Galimoto sifikako. Maboti a injini saloledwa kufika ku gombe, amaima patali. Sitolo kulibe, mpope wa madzi kulibe. Wocokera kumtunda amene afuna kukaona malowa ayenera kuyenda pansi, ndipo ulendo wake si wamasewera.

Mtsikana wina wa zaka 10 anabwera ku Baunei kudzakhala ndi agogo ake pa nthawi ya holide. Kwawo kunali ku Cagliari, mzinda waukulu wa pa cisumbupo. Anabwera ndi mlongo wake wa zaka 6. Agogo awo aamuna anali kuwaitana kuti Nonno, ndipo agogo aakazi kuti Nonna, monga amacitira ana a ku Italy. Nonno analonjeza anawo kuti adzawatenga kukaona kagombe kaja. Koma sabata yoyamba yomweyo mnyamatayo anagwa pa njinga ndi kuthyoka mwendo. Ku cipatala anaumanga ndi pulasitala wolimba. Ulendo wake unathera pomwepo.

Usiku woti mawa lake apita, mnyamatayo anaitana mlongo wake.

"Iwe, ukanibweretsere mwala."

"Mwala wabwanji?"

"Woyera. Monga ija ili pa cithunzi ca pa cipupa ca Nonna."

"Nizakubweretsera."

"Zoona?"

"Zoona. Gona manje."

Unali mwezi wa July. Ku Zambia mwezi umenewu ana amapita ku sukulu atabvala majuzi, koma ku Sardinia ndi nthawi yotentha koopsa. N'cifukwa cake Nonno anadzutsa mdzukulu wawo dzuwa lisanatuluke. Mnansi wawo anawatenga pa galimoto mpaka pamwamba pa phiri, pa malo athyathyathya ochedwa Golgo. Kumeneko nkhumba, abulu ndi mbuzi zimangoyendayenda zokha popanda woweta. Bulu wina anaima pakati pa msewu, ndipo sanasunthe mpaka pamene anafunira yekha.

Njira ya pansi imayambira pa malo ochedwa Su Porteddu. Pamenepo pamakhala alonda. Anthu oposa 250 saloledwa kutsika ku gombe, conco alendo amalembetsa maina pa foni tsiku lisanafike, ndipo amalipira ndalama zocepa. Mlonda anayang'ana ku mapazi a mtsikanayo, kenako anayang'ana mabotolo a madzi m'cola ca Nonno. Bambo wina amene anabwera atabvala mapatapata anakambitsana ndi mlondayo nthawi yaitali. Ameneyo ndiye mtundu wa anthu amene amaona cithunzi ca malo koma safunsa za njira yake.

Njirayo ndi yaitali makilomita oposa 3. Poyamba imakwera pang'ono, kenako imatsika ndi kutsikabe, mamita oposa 400, m'khwawa louma lodzala miyala. Miyala yake ndi yoyera ndi yotuwa, ya mtundu umene ku Chilanga amapangira simenti. Imagubuduka munthu akaiponda mosasamala. Mtsikanayo anali kuthamangira kutsogolo, kuima, ndi kubwerera. Nonno anali kuyenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo. Zaka zawo zinali zitapitirira 70, ndipo bondo lakumanzere linali kuwabvutitsa. Koma mapazi awo anali kudziwa mwala wabwino kuupondapo.

"Nonno, mudziwa bwanji njira? Miyala yonse ilingana."

"Ninali kuweta mbuzi muno pamene ninali monga iwe."

Anamuonetsa phanga la pansi pa thanthwe limene abusa anachinga ndi miyala ndi mitengo. Mmenemo ndimo anali kugona, kutali ndi mudzi, masiku ambiri. Denga lake linali likali lakuda ndi utsi wa moto wakale. Anamuonetsanso mitengo ikuluikulu yokalamba, ina yokhala ndi mphako yoti mwana angabisalemo. Mtsikanayo analowa mu imodzi ndi kufuula dzina la mlongo wake. Palibe anayankha, kupatula mbuzi ina ya belu m'khosi.

Atayenda kupitirira ola limodzi, anaona cinthu codabwitsa. Pakati pa mitengo panatulukira mwala umodzi wautali, wosongoka ngati singano, woloza kumwamba. Dzina lake ndi Aguglia. Kutalika kwake ndi mamita 143. Mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamene ali ozama koposa, amafika mamita 108, conco mwalawu umawapitirira. Mu 1981 amuna awiri anakwera mpaka pansonga pake ndi zingwe, ndipo kucokera nthawiyo akatswiri okwera matanthwe amabwera kucokera ku maiko ambiri. Tsikulo kunali awiri pa thanthwepo, ooneka ang'onoang'ono ngati nyerere.

"Afuna ciyani kumwamba kuja?" anafunsa mtsikanayo.

"Kaya," anayankha Nonno. "Mbuzi ikakwera, imakwerera msipu."

Kenako anatsika makwerero otsiriza, ndipo nyanja inali patsogolo pawo.

Mtsikanayo anaima cilili. Nyanja anali kuidziwa, pakuti ku Cagliari nakonso ili pafupi. Koma kumeneko kuli mcenga, maambulela, nyimbo za m'mawailesi ndi anthu ogulitsa zakumwa. Kuno kunali zii. Anthu ocepa amene anafika msanga anali kukamba motsitsa mawu, ngati ali m'chalichi. Gombe lonse linali laling'ono, loti munthu angaliyende kucokera uku kufika uko asanamalize kuimba nyimbo imodzi. Kumbuyo kwake kunali thanthwe. Kudzanja lamanja thanthwe lina linalowa m'madzi, ndipo linali ndi cibowo cacikulu ngati khomo.

Pansi panalibe mcenga weniweni. Panali timiyala toyera, tosalala ngati nsangalabwi za mu mtsinje. Tina tinali tating'ono ngati mpunga, tina ngati mazira a nkhunda. Funde likabwera ndi kubwerera, timiyalato tinali kulira kuti waaa, ngati mayi akupeta nyemba pa lisero. Popeza pansi palibe matope, madzi ake ndi oyera mbee. Mtsikanayo analowa mpaka m'cifuwa, koma anali kuonabe zala zake zakumapazi, ndi tinsomba tamizeremizere tikuzungulira miyendo yake.

Nonno anakhala pa mwala ndi kuwongola mwendo wawo. Anauza mdzukulu wawo kuti gombeli si lakale kwenikweni. Mu 1962 mbali ya phiri inagumuka, ndipo miyala yambiri inagwera kunyanja. Ndiyo inapanga gombe limeneli. Nthawiyo iwo anali mnyamata. "Ine na gombe iyi," anatero, "wamkulu ndine."

Mtsikanayo anabvala magalasi a m'madzi ndi kuyamba kusambira. Madzi atalowa m'kamwa analabvula. Mcere wake! Nyanja ya Mediterranean ili ndi mcere wambiri kuposa nyanja ya Atlantic imene yagundana nayo. Cifukwa cake n'cakuti dzuwa la kumeneko limamwa madzi ambiri kuposa amene mitsinje ndi mvula zimabweretsa. Madzi amapita kumwamba, mcere umatsala. Nyanjayi ikanaphwa pang'onopang'ono pakanapanda khomo lopapatiza la Gibraltar, pakati pa Spain ndi Morocco, pamene madzi a Atlantic amalowera. Koma mcerewo uli ndi ubwino wake. Umanyamula thupi. Mtsikanayo anagona cagada pamwamba pa madzi, manja atatambasula, osamira.

Mwadzidzidzi anakuwa. "Mayo! Nonno, apa pazizira!"

Nonno anaseka mpaka kutsokomola. Anadziwa kuti zidzatero, koma sanamuuze dala. Mvula ikagwa pa phiri la Golgo siyenda pamwamba ngati mtsinje. Imalowa m'ming'alu ya miyala, imayenda mumdima pansi pa phiri, ndipo imatulukira m'nyanja ngati akasupe. Munthu akusambira m'madzi ofunda amangozindikira walowa m'madzi ozizira ngati a m'firiji. Mtsikanayo anayamba kuwasaka malo amenewo, kulowa ndi kutuluka, akukuwa nthawi iliyonse ngati ndi koyamba.

Masana anadya cakudya cimene Nonna anawakonzera. Munali tomato, cizi ca mkaka wa mbuzi, ndi buledi wa abusa wochedwa pane carasau. Bulediyu ndi wopyapyala ngati pepala, wouma, ndipo amalira kuti khwa munthu akamunyema. Amakhala miyezi osaonongeka, n'cifukwa cake abusa anali kumunyamula popita kumapiri. Atamaliza kudya, Nonno anatola nyenyeswa zonse za mapepala ndi kuika m'cola. Pa gombepo palibe potaya zinyalala. Ciliconse cimene munthu watsika naco, ayenera kukwera naco.

Ali cikhalire, mbalame yakuda ya mapiko aatali inadutsa mwaliwiro m'mbali mwa thanthwe. Inali mtundu wa kabawi. Mbalame imeneyi inapatsidwa dzina la Eleonora wa ku Arborea, mayi amene analamulira mbali ya Sardinia zaka zoposa 600 zapitazo. Imaikira mazira m'matanthwe a m'mbali mwa nyanjayi. Kuzizira kukayandikira, imauluka kudutsa Sahara ndi maiko ambiri a mu Africa mpaka ku Madagascar, ndipo caka cotsatira imabwerera. Mtsikanayo anaiyang'ana mpaka inasowa. Kenako anakumbukira lonjezo lake.

Kusankha mwala umodzi pakati pa miyala yosawerengeka ndi nchito yaikulu. Anatola uwu, anautaya. Anatola wina, unali ndi banga. Pomaliza anaupeza m'mphepete mwa madzi. Unali woyera, wobulungira, wokwana bwino m'dzanja la mwana wa zaka 6. Ukanyowa unali kunyezimira. Anauika m'thumba la kabudula wake ndi kubwerera kwa agogo ake, akuyang'ana kumbali.

"Thumba lako lalema," anatero Nonno.

Mtsikanayo sanayankhe. Cikwangwani ca ku Su Porteddu anali atawerenga m'mawa. Kucokera mu 2017, lamulo la ku Sardinia limaletsa kutenga mcenga, timiyala kapena zigoba za m'nyanja. Wogwidwa angalipire ndalama zoyambira pa mayuro 500 mpaka 3,000. Pa mabwalo a ndeke ndi pa madoko amafufuza m'zola za alendo. Mu 2019 anthu awiri ocokera ku France anagwidwa ndi mcenga wolemera makilogiramu 40 m'mabotolo 14. Iwo anati anatenga kuti azikumbukira holide yawo.

"Ni umodzi cabe, Nonno."

"Ee, ni umodzi."

"Si wanga. Ni wa wodwala. Ninamulonjeza."

Mawu a mtsikanayo sanali opusa. Lonjezo kwa mwana wodwala si cinthu copepuka, ndipo mwala umodzi susintha gombe. Bvuto n'lakuti aliyense amene amatola mwala amakhala ndi cifukwa cabwino. Wina atengera mayi ake, wina atengera mnzake, wina akuti sadzabweranso.

Nonno sanakalipe. Anangofunsa ngati aphunzitsi a masamu.

"Anthu angati aloledwa kutsika kuno?"

"250."

"Aliyense atenge umodzi. Masiku 10, ni ingati?"

Mtsikanayo anawerenga m'mutu. "2,500."

"Nanga masiku 100?"

"25,000." Anayankha ndi mawu aang'ono.

"Phiri inagumuka kamodzi cabe pa moyo wanga," anatero Nonno. Kenako anaphimba nkhope ndi cipewa cawo ndi kugona. Za mwala sanakambenso.

Mtsikanayo anakwiya. Anapita kukakhala yekha kumapeto kwa gombe, mwala uli m'manja. Anaganiza kuti akauika mu sokosi palibe angadziwe. Mwina zinali zoona. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, mpaka mwalawo unauma ndi kuleka kunyezimira.

Kenako anabwerera ku cola ndi kutulutsa kabuku kake ndi pensulo. Anaika mwala pa pepala ndi kuzunguliza pensulo m'mbali mwake. Anajambula kamzere kakang'ono kamene kanali pa mwalawo. Pansi pake analemba dzina la mlongo wake. Atatero anakwera pang'ono pa thanthwe la kumbuyo, anapeza mng'alu wokwana dzanja, ndipo anabisa mwalawo m'kati.

"Nausunga," anauza agogo ake. "Caka camawa tizabwera tonse atatu. Azautenga yekha, auone, aubweze."

Nonno anayang'ana mng'aluwo. Anali kudziwa mmene mafunde a nyengo yozizira amakwerera pa gombeli, koma sanachule zimenezo. Za caka camawa sanayankhenso.

Popeza gombeli layang'ana kum'mawa, dzuwa limabisala msanga kuseri kwa matanthwe. Mthunzi unayamba kukwawa pa timiyala masana akalipo. Anthu anayamba kupinda nsalu zawo. Agogo ndi mdzukulu anabvala nsapato ndi kuyamba ulendo wobwerera.

Kutsika kunali kosangalatsa, koma kukwera kunali nkhani ina. M'khwawa munalibe mphepo. Miyala inali kutulutsa kutentha kumene inamwa tsiku lonse. Mtsikanayo sanathamangenso. Nonno anali kuyenda mapazi 20, kuima, kupuma, ndi kuyendanso. Anthu amene ananyamuka pambuyo pawo anawapitirira. Pa mtengo wa mphako uja, mtsikanayo anaona kuti dzanja logwira ndodo likunjenjemera.

"Nonno, nipatseni cola."

"Cilema."

"Nipatseni cabe."

Anamupatsa. M'mawa akanakana.

Kucokera pamenepo Nonno anayamba kukamba zambiri, ngakhale mpweya unali kuwacepera. Nthawi iliyonse akaima, anali kuloza ndi ndodo. "Uone mwala uyu wong'ambika pakati. Potsika, ukaufika upite kumanja." Patsogolo pang'ono anati, "Apa pamaterera. Mwana wamng'ono umugwire dzanja." Pa phanga la abusa anati, "Apa mpumule, mumwe madzi, ngakhale akambe kuti alibe ludzu." Anamuuza kuti abwereze zonse. Mtsikanayo anabwereza. Pamene analakwitsa, anamubwerezetsanso. Poyamba anaganiza kuti ndi masewera opumulira. Atafika pakati pa phiri analeka kuseka, ndipo anayamba kumvetsera ndi mtima wonse.

Ulendo umene ena amakwera maola 2, iwo anakwera maola 3. Madzi anatha atatsala pang'ono kufika. Mnansi uja anali kuwadikira pa galimoto, akuyang'ana nkoloko ya pa dzanja.

Kunyumba mnyamata uja anali pa mpando pafupi ndi khomo, mwendo uli pa kampando kena. Anatambasula dzanja mlongo wake asanalowe n'komwe. Mtsikanayo anang'amba pepala m'kabuku ndi kumupatsa.

Mnyamatayo analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo.

"Ici ni cipepala. Mwala uli kuti?"

"Nakusungira. Uli mu mng'alu wa thanthwe. Saloleza kutenga."

"Unakamba kuti zoona!"

Anataya pepalalo pansi ndi kulira. Nonna analitola ndi kuliika pa thebulo. Pa cakudya camadzulo mnyamatayo sanakambe ndi munthu. Nonno anadya pang'ono, anakulunga bondo lawo ndi nsalu yonyowa, ndipo tulo tinawagwira ali pa mpando.

Usiku, magetsi atazimitsidwa, mtsikanayo anamva mawu ocokera pa bedi linalo.

"Iwe. Wagona?"

"Iyayi."

"Ukulu wake ni uja wa pa pepala?"

"Ee. Ndendende."

Panapita kanthawi.

"Nanga njira, uidziwa?"

Mtsikanayo anatembenuka ndi kuyamba kufotokoza, kuyambira pa alonda a ku Su Porteddu. Anachula phanga la abusa, mtengo wa mphako ndi malo oterera. Pamene anafika pa mwala wong'ambika pakati, mlongo wake anali atagona kale, koma iye anapitiriza motsitsa mawu mpaka ku makwerero otsiriza.